Katundu wa Malemu M'khosi Mwanga

Lolemba, 8 Okutobala 2018

Andigoneka m'chipatala, kuno ku Leicester mu England. Ndinabwera kudzangoonetsa chotupa cha m'khosi, tikiti ya basi yobwerera ku Wigston ili m'thumba, koma atandiyeza kutentha kwa thupi nkhope zawo zinagwa ngati za alendo amene aona kuti ndiwo zatha. Wodi ya amuna, mabedi anayi, langa lili pawindo. Panja pali malo oimika magalimoto ndi mtengo umodzi umene ukuvula masamba mopanda manyazi.

Ndilembe kuti ndisamasinthe nkhani akamandifunsa. Thupi kutentha kuyambira mwezi watha. Thukuta lonyowetsa zofunda. Lamba wabwerera mabowo awiri. Mwanabere kumanzere kwa khosi, wamkulu ngati dzira la nkhanga, wosapweteka. Adokotala akuti bola akanamapweteka. Aka n'koyamba kumva kuti ululu ndi uthenga wabwino.

Kachilombo ka HIV ndili nako, imeneyo ndi nkhani yakale. Ma ARV ndinayamba mu 2003, ndikukhala m'kachipinda konunkha anyezi ku Hyson Green, ndipo kuyambira pamenepo akayeza magazi sikaoneka.

Nesi wondilandira anafunsa wachibale wapafupi. Ndinati Dyna, mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu mkazi wanga. Anasakasaka pakompyuta malo a chibale choterocho, sanawapeze. Analemba kuti mnzake.

Lachiwiri, 9 Okutobala

Atenga magazi okwanira kuphika uwende. Sikani ya chifuwa ndi mimba. CD4 ili pa 410, yatsikako. Andiika dripi ya mankhwala, ndipo kamakina kamene kamaikankha kali ndi khalidwe loipa: pakapita kanthawi kamatsonya.

Si kufanizira ayi. Kamatsonya ndendende ngati Atuweni.

Ndili ku Zomba ndinkalemba nkhani zoseka akuluakulu m'nyuzipepala ya Loweruka, ndipo woyamba kuwerenga ankakhala iye. Mkazi wanga sankaseka. Akatsonya, ndinkadziwa kuti nkhani yapsa. Akangokhala chete, ndinkang'amba. Anamwalira mu 1999. Lero ndamva kutsonya kwake kochuluka kuposa kumene ndinamva m'banja lathu lonse, ndipo sindinalembe kanthu koseketsa.

Lachitatu, 10 Okutobala

Abaya mwanabere ndi singano n'kukokamo kanyama. Zotsatira Lachisanu.

Pabedi loyandikana ndi langa pali mkulu wachimwenye, wachikasu m'maso ndi matenda a chiwindi. Dzulo lonse anali chete. Lero atandimva ndikuyankhula pafoni, anakoka katani.

"Kwanu kuti, achimwene?"

Ndinati ku Zomba.

"Zomba kuti? Zomba ndi yaikulu. Musandiyankhe ngati ndine mzungu."

Dzina lawo a Razak. Anabadwira ku Limbe, anali ndi golosale pa Thondwe, anabwera kuno mu 1978. Chichewa chawo chinaima chaka chimenecho ngati wotchi ya pa siteshoni. Amanenabe za mabasi amene anafa kalekale ngati angodutsa kumene. Akazi awo, mayi Bilkis, anabweretsa masamusa amene a Razak saloledwa kudya, ndiye ndadya ine, iwo akundiyang'ana m'kamwa.

Phunziro la lero: m'wodi muno katani imabisa thupi lokha.

Lachisanu, 12 Okutobala

Singano sinatenge zokwanira. Akuganizira khansa ya m'mwanabere koma sakufuna kuitchula dzina asanaione nkhope. Lachinayi likudzali adzachotsa mwanabere yense.

Masana kunabwera dokotala wina wamkazi, Fariha, wa kafukufuku wa ku yunivesite. Anakulira ku Oadby, agogo ake anachokera ku Blantyre, ndipo Chichewa chimene anamusiyira ndi mawu atatu: zikomo, choka, bodza. Ndinamuuza kuti ndi okwanira kuyendetsera unduna.

Akufuna kachidutswa ka mwanabere wanga, kotsala akatenga koyeza khansa. Anafotokoza chonchi. Mankhwala amagwira kachilombo kamene kakuyendayenda. Koma kena kanalowa kalekale m'maselo a chitetezo, aja amene ntchito yawo ndi kukumbukira matenda onse amene thupi linakumana nawo. Kanadzilemba mkati mwawo n'kugona. Selo loterolo silisiyana ndi anzake, ndipo mwina ndi limodzi pa miliyoni. Munthu akasiya mankhwala, limadzuka. Iwo akufunafuna chizindikiro chapakhungu pa selo, choti akachiona adziwe kuti nyumba iyi muli munthu. Chaka chatha akatswiri ena analengeza kuti achipeza, dzina lake CD32. Chaka chino ena akuti taimani kaye.

Ndinati kwathu angomaliza kumene kalembera, amangolemba nambala pachitseko ndi choko, akanakubwerekani. Anamwetulira mwaulemu, monga amachitira ndi odwala okalamba.

Kenaka ndinafunsa kuti kachilombo kogonako ndi ka liti.

"Kambiri ndi ka nthawi imene munkayamba mankhwala. Kena kakhoza kukhala kakale kuposa pamenepo. Kakagona sikasintha. Kali monga kanalowera."

"Mungathe kudziwa kuti pa anthu awiri anapatsira mnzake ndani?"

"Ayi. Ndipo si zimene timafufuza."

Ine ndi Atuweni sitinadziwe, ndipo sitinafunsane. Tinali ndi zaka zathu tisanakumane, aliyense zake.

Ndinamuuza kuti ngati zili choncho, m'khosimu si katundu wanga ndekha, ndi katundu wa banja, ndipo sindingagawe chifukwa sindinasudzulidwe. Ndinachita kumufotokozera. Kwawo kwa Atuweni, mkazi akamwalira, pakapita nthawi abale ake amaitana mwamuna. Amamumeta, amatenga katundu wa mwana wawo, amamupatsa kanthu m'manja n'kumuuza kuti pita, ndiwe mfulu. Zisanachitike zimenezo ndiwe mkamwini wawobe. Atsibweni ake a Atuweni anati tidzachita tikakolola. Anamwalira chimanga chisanaume. Udindo unagwera mng'ono wawo, nayenso anatsatira. Kenaka apongozi anga. Zaka zimenezo manda ankadya mofulumira kuposa mwambo. Ine ndinapeza malo a sukulu kuno, ndinakwera ndege ndili mwamuna wa munthu wakufa.

Ndinanena moseka. Iye anati ndiganize mpaka Lachitatu, pakuti kanyamako kamafunika kakadali kamoyo. Atatuluka, kamakina kanatsonya, ndipo ndinazindikira kuti sindimaseka.

Loweruka, 13 Okutobala

Dyna anabwera molunjika kuchokera ku shifiti, atavala yunifolomu ya kunyumba ya okalamba, atanyamula futali m'kontena ya ayisikirimu. Pamaliro a mkulu wake anali kamtsikana ka Fomu 1. Lero ali ndi imvi ziwiri zimene amazikana.

"Alamu, mwaonda ngati chitsulo chopachikira malaya. Idyani."

Ndinamuuza za kafukufuku. Anati sainani, mukudikira chiyani, mumakonda kutchuka. Ndinamuuza zinazo, zoti andisudzule kaye.

"Inu? Inu amene munalemba m'nyuzipepala kuti miyambo ya maliro ndi njira yodyera nkhuku za amasiye?"

"Ndinali mwana. Komanso nkhaniyo inali yabwino."

"Ine ndine wopemphera. Zometana ndinazisiya ku Malosa. Komanso wosudzula amakhala mwini mbumba, mwamuna, wamkulu. Mukundiona ndevu?"

Ndinati ziwiri, koma ndi za m'mutu. Sanaseke. Anatseka kontena ndisanamalize, n'kuyamba kukonza zinthu za pakabati zimene zinali zokonzedwa kale.

Lamulungu, 14 Okutobala

Thupi latentha kufika 39.4. Asintha mankhwala a m'dripi.

Nthawi ya alendo mpando wanga unali wopanda munthu. Kenaka panali munthu. Diresi yobiriwira ija ya makolala oyera, miyendo ataipingasa, chala chili pakati pa buku kusunga tsamba. Sanandiyang'ane. Amadikira, monga ankadikirira ndikamachedwa kuvala.

Ndi kutentha kwa thupi, ndikudziwa. Ndinapita ku yunivesite.

Atuweni akadali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndikhoza kukhala bambo ake.

Lolemba, 15 Okutobala

Thupi lazizirako. Ndadya phala la azungu, lija lokoma ngati pepala lonyowa.

A Razak sanadye. Mimba yawo yatupa, aikamo kapaipi kotulutsa madzi. Koma pakamwa pali bwino.

"Achimwene, ndinamva zonse Lachisanu. Musakwiye, makutu alibe chitseko."

Ndinati palibe kanthu.

"Inu anthu mumandidabwitsa. Ife munthu akafa m'mawa, madzulo tamuika. Mayi akhala m'nyumba miyezi yake inayi ndi masiku pang'ono, basi, yatha. Inu maliro a 1999 mpaka lero mtembo uli m'khosi."

Ndinati kwathu sitithamanga, ngakhale misewu timamanga choncho.

"Dzulo munkayankhula ndi mpando."

"Ndinati chiyani?"

"Munati ndatsala pang'ono, ndikusaka sokosi."

Lachiwiri, 16 Okutobala

Wogonetsa anthu pa opaleshoni anabwera kudzandiyang'ana m'kamwa ngati akugula ng'ombe. Lachinayi m'mawa, osadya kanthu.

Dyna anabwera wopanda chakudya, chizindikiro choti wabwerera nkhondo. Anakhala pampando uja. Ndinafuna kumuuza kuti asamale, ndinadzigwira.

Anati chaka chatha atapita kumudzi anakafuna manda a mkulu wake. Mtanda unali wamtengo, chiswe chinadya. Mitumbira ya zaka zimenezo inaphwa yonse n'kufanana, mizere mizere, ndipo amene ankadziwa kuti uyu ndi uje nawonso ali momwemo. Anayenda ndi maluwa m'manja mpaka anangowaika pamtumbira wina uliwonse. Sanandiuze chifukwa ankaopa kuti ndiseka.

Sindinaseke. Ndinaganiza za Fariha ndi maselo ake miliyoni ofanana.

Ndinati ndiye chifukwa chake tichite, Dyna. Lachinayi akundigoneka ndi mpeni pakhosi. Zikavuta, ndikafika uko ndili ndani?

"Nanga ine?" Mawu anakwera, kenaka anawatsitsa chifukwa cha katani. "Mayi kulibe, atsibweni kulibe, achemwali ngakhale manda kulibe. Mu England muno munthu amene ndimamutchula dzina la chibale ndinu nokha. Ndikakusudzulani ndiye kuti ndinu ndani kwa ine? Bambo wina wa ku Wigston?"



Katani inagwedezeka. "Pepani mayi, ndalowerera." Anali a Razak, mawu atachepa ngati ulusi. "Ife anatisudzula dziko lonse. Anati tsekani magolosale a kumidzi, pitani. Tinapita. Zaka makumi anayi tsopano. Mukundimva ndikuyankhula chiyani? Ndikalota ndimalota pa Thondwe, tsiku la msika. Kusudzula kumachotsa mlandu, mayi. Chibale sichimva."

Dyna anati, "Zikomo bambo," mwa mawu aja amene amatanthauza kuti samalani zanu. Anatenga chikwama n'kupita osatsanzika.

Lachitatu, 17 Okutobala

Fariha anadutsa m'mawa. Ndinati sindinaganize. Anati palibe chokakamiza, chithandizo changa sichisintha ngakhale ndikane, abweranso madzulo. Ndi mwana wabwino. Akuganiza kuti ndikuopa sayansi.

Masana nesi anabweretsa makina ometera kuti achotse ndevu za mbali yodzachekayo. Asanayambe, Dyna analowa. Sanavale yunifolomu. Anavala chitenje pamwamba pa jinzi ndi duku kumutu, mu Leicester, mu Okutobala. Anauza nesi m'Chingerezi chake cha kuntchito kuti amusiyire makinawo, ameta anthu okalamba ambiri kuposa amene nesiyo anawaonapo.

"Ndinafuna woti ndimuimbire kumudzi andiuze mawu ake," anatero akundikulunga thaulo m'khosi. "Ndapukusa foni yonse, mayina onse. Wamkulu ndine."

Anati pamafunika mboni ya kuchimuna. Ndinati abale anga ali ku Chingale ndipo netiweki imagwira pachulu pokha. Dyna anatsegula katani.

"Bambo, mukhala mbali ya mwamuna."

"Ine Msilamu, mayi."

"Ine wa Pentekosite. Tonse tikalapa."

A Razak anapempha kuti awakwezere bedi, n'kuvala kachipewa kawo koyera.

Anayambira pamphumi. Tsitsi langa, limene ndalisunga ngati munda wa boma, lopanda phindu koma losakhudzidwa, linagwera pathaulo, loyera lambiri kuposa lakuda. Ngakhale mzungu wa bedi lapakhomo anatsitsa wailesi yake. Atamaliza anaima patsogolo panga n'kuyang'ana pamwamba pa mutu wanga, osati m'maso.

"A Sosten. Mbumba yathu ikuthokoza. Munatenga mwana wathu, munamusunga, atadwala munamudwazika, atafa munamuika. Amene anayenera kunena izi anapita asananene, ndiye ndikunena ine. Mulibe mlandu ndi ife. Amene anabweretsa matenda sitikumudziwa ndipo sitikumufuna. Pitani. Mukapeza moto kwina, kaotheni."

A Razak anati, "Tamva, ndipo talandira." Sindikudziwa kumene anawatenga mawu amenewo. Mwina pakhonde la golosale.

Kanthu kopatsa m'manja anaiwala. Anasanthula m'chikwama n'kuchotsa pamakiyi kachitsulo kaja kotsegulira ngolo ya m'sitolo. Ndi chimene ndasudzulidwa nacho. Ndachifumbata mpaka pano.

Ndinafunsa za katundu wa malemu, ndikuloza khosi.

Anapinda thaulo, tsitsi lili mkati. "Ngati muli chathu m'menemo, apatseni. Achemwali analephera kusankhidwa ndi mapointi awiri okha, analira chaka chonse. Nawonso apiteko ku yunivesite."

Fariha atabwera anapeza mutu ukuwala. Ndinasaina.

Lachinayi, 18 Okutobala

Achotsa. Khosi lauma. Kusanza.

Dripi ilipo. Kamakina kakulira, koma ndi kamakina.

Loweruka, 20 Okutobala

A Razak anawasamutsira m'kachipinda kapadera ndili ku opaleshoni. Anamwalira dzulo m'mawa. Mwana wawo wamwamuna anabwera kudzatenga magalasi ndi patapata zimene zinatsalira pansi pa bedi. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Akuti anawaika dzulo lomwelo, mapemphero a Lachisanu atatha. Akuti masiku omaliza ankayankhula chinenero chimene adzukulu sankachimva, ndipo mayi Bilkis okha ndi amene ankawayankha.

Anandisiyira masamusa. Akuti bambo analamula.

Pabedipo pagona kale munthu wina, amene katani imamubisa bwinobwino.

Mpando wa alendo unakhala wopanda munthu nthawi yonse. Ndinayang'ana kangapo. Ndinayesa ngakhale kuchedwa kuvala.

Lachiwiri, 23 Okutobala

Ili ndi dzina tsopano: khansa ya m'maselo a chitetezo, mtundu wothamanga. Akuti wothamanga ndi umene umamva mankhwala, ngati ana a sukulu. Maulendo asanu ndi limodzi a mankhwala a khansa, kamodzi pa masabata atatu. Ma ARV andisinthira, akale aja sagwirizana ndi atsopanowa. Andichenjeza kuti tsitsi lidzathothoka. Ndinawauza kuti achedwa.

Mawa ndituluka. Dyna adzanditenga akaweruka. Pafoni anati, "Alam..." n'kuima, ngati munthu amene waponda sitepe imene kulibe.

Lachinayi, 13 Disembala

Ndabwereranso kuyambira Lolemba. Ulendo wachitatu wa mankhwala unagwetsa chitetezo, thupi linatentha, anandiika m'kachipinda kandekha kuti anthu asanditsokomolere. Mphamvu zolemba zabwera lero. Dripi aichotsa m'mawa, kamakina kaja apita nako, ndikumwa mapilisi. Chotupa china chimene chinali m'chifuwa chachepa ndi theka. Kachilombo m'magazi sikakuonekabe. Nsidze zapita, nkhope yanga ikuoneka ngati ikudabwa ndi chilichonse.

Fariha anasuzumira, atavala chotseka pakamwa. Ndinafunsa ngati mlendo wathu anafika bwino ku yunivesite. Anati kanyama kalikonse kakafika amakachotsa dzina n'kukapatsa nambala, ndiye ngakhale iye sangadziwe kanga ndi kati. Zimene angandiuze ndi za onse pamodzi, ndipo ndi zoyambirira chabe. Asankhula maselo okhala ndi chizindikiro chija n'kuwaika padera. Kachilombo akukapeza umu, akukapezanso umo. Chitseko cholembedwa choko ndi chosalembedwa, monse muli anthu.

"Ndiye simunamupeze."

"Tikudziwa kuti kalipo. Sitikudziwa nyumba yake."

Ndinati bodza. Anaseka, pakuti ndi limodzi mwa mawu ake atatu. Kenaka anati ayi, zoona.

Anachotsa mwanabere mmodzi. Thupi lili nawo mazana.

Dyna anabwera ndi tiyi wa m'fulasiki. Nesi watsopano anamuimitsa pakhomo, akuti muno ndi achibale okha, ndinu ndani? Ndinamumva akuyankha osaganiza n'komwe: mlongo wake. Analowa, anakhala pamphepete pa bedi chifukwa pampando anaikapo jekete, n'kudzithirira tiyi.

Ndinamuuza za kafukufuku. Ndinati waona, mkulu wako wapita ku yunivesite, ndipo monga wophunzira aliyense wanzeru, akaitana mayina sapezeka m'kalasi.

Wina anatsonya.

Ndinati Dyna, watsonya ngati iye ndendende.

Anatsitsa kapu. M'kamwa munali modzaza tiyi, anachita kumeza kaye.

"Ine sindinatsonye, achimwene."

Kenaka ananyamuka, n'kuchotsa jekete pampando.